Kambedza ka ndolo, ndi maola amene sindinkawawerenga

Uthengawo unafika usiku, ndili mkati motunga mikanda ya oda imene inkafunika mawa lake. Chinali chithunzi cha khutu, lofiira, lotupa pabowo pamene pamadutsa ndolo, ndipo m'munsi mwake munali timatuza. Pansi pa chithunzicho panali mawu ochepa chabe: "Achemwali, ndolo zija ndazikonda kwambiri, koma taonani zimene zandichita." Mayiwo sanakalipe ndipo za ndalama zawo sanatchule n'komwe. Kufatsa kwawoko ndi kumene kunandisowetsa tulo.

Ndolo zimenezo ndinazipanga mosamala kwambiri. Ndinasankha mikanda yagalasi yofanana bwino, ndinaluka katatu konse mpaka mitundu itakhala mmene ndinkafunira, mfundo ndinazibisa moti munthu sakanaziona. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sindinachiganizire: kambedza kolowa m'khutu. Timbedzato ndinagula m'kapepala ka pulasitiki kosalembedwa chilichonse, tambirimbiri pamodzi, totsika mtengo, tonyezimira ngati siliva. Kwa ine kambedza kanali kongokolowekera ntchito yanga yeniyeni. Koma pa ndolo yonseyo, kambedzako ndi kokhako kamene kankalowa m'thupi la munthu.

Ndinayamba kufufuza usiku womwewo, ndipo dzina limene ndinakumana nalo ndi nickel. Ndi chitsulo choyera chimene opanga zokongoletsera zotchipa amachikonda chifukwa n'cholimba, chimawala, komanso chimathandiza kuti utoto wa golide kapena wa siliva ugwire bwino pamwamba. Chikakhudzana ndi thukuta, timagawo take timasungunuka n'kulowa pakhungu. Anthu ena matupi awo amadana nacho, ndipo vutoli limapezeka kwambiri mwa akazi chifukwa ndi amene amaboola makutu kwambiri. Chitsulo chikakhala pabala la khutu loboola kumene, thupi limatha kuyamba kuchizindikira ngati mdani. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti thupi likayamba kudana ndi nickel, nthawi zambiri silisiya. Munthu amakhala nalo vutolo moyo wake wonse, moti ngakhale batani la jinzi kapena chitsulo cha lamba chimatha kumuyambitsa kuyabwa.

Nkhaniyi si yaing'ono ayi. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lake mu 1994, ndipo malire amene akugwira ntchito masiku ano amati chinthu chokhala pakhungu nthawi yaitali chisatulutse nickel woposa microgram 0.5 pa sikweya sentimita imodzi pa sabata, pomwe cholowa m'bowo la khutu malire ake ndi microgram 0.2. Microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Anthu anakhala pansi n'kuyeza kanthu kochepa chotero chifukwa cha makutu ngati la mayi aja, pamene ine ndinkangotola timbedza m'kapepala osafunsa n'komwe kuti n'tachitsulo chanji. Pali mankhwala otchedwa dimethylglyoxime amene amagulitsidwa m'timabotolo. Ukadonthezera pa thonje n'kupukuta chitsulo, thonjelo limasanduka lapinki ngati chitsulocho chikutulutsa nickel wambiri. Nditapeza kabotolo kanga, ndinayeza katundu yense amene ndinali naye. Timbedza tija tinafiiritsa thonje. Zotsekera za mikanda ya m'khosi nazonso chimodzimodzi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuphunzira zitsulo, zimene ndinayenera kuphunzira ndisanagulitse chinthu choyamba. Siliva wolembedwa 925 amatanthauza kuti magawo 92.5 pa 100 alionse ndi siliva weniweni, otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa, chifukwa siliva payekha ndi wofewa kwambiri. Amada akakhalitsa, chifukwa cha sulfure wa mumpweya, koma kudako kumachoka ukapukuta. Mkuwa, ndiponso brass amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc, amasiya mzere wobiriwira padzanja la munthu wotuluka thukuta. Kubiriwirako kumachoka ndi sopo, koma kasitomala amene sunamuuze amaganiza kuti wamugulitsa chinthu chowola. Chopakidwa golide pamwamba chimakongola tsiku loyamba, koma golideyo ndi wopyapyala kwambiri moti amasupuka pamene pamakhulana ndi khungu, n'kusiya poyera chitsulo chamkati. Chimene amachitcha gold-filled n'chosiyana: ku United States dzinali limaperekedwa pamene golideyo akukwana gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwa chinthucho, n'chifukwa chake chimakhala zaka. Ngakhale chitsulo chimene amalonda amachitamanda kuti ndi cha madokotala, cha mtundu wa 316L, chili ndi nickel mkati mwake. Chimangomugwira molimba moti anthu ambiri sichiwavuta, koma ena chimawavutabe. Kwa munthu wa khungu lovuta kwambiri, titanium ndi niobium ndiye zodalirika.

Zonsezi zinali ndi mtengo wake. Timbedza tabwino tinali todula kangapo kuposa tija ta m'kapepala. Nditakhala pansi kuti ndione ngati ndingakwanitse kusintha popanda kukweza mitengo, ndinatsegula kabuku kanga ka malonda, ndipo m'menemo ndinapezamo vuto lachiwiri, lalikulu kuposa loyamba.

M'kabukumo munali mizere iwiri yokha: zimene ndagula ndi zimene ndagulitsa. Ndikachotsera, zotsalazo ndinkazitcha phindu. Mtengo wa chibangili ndinkaupeza powerenga mikanda, ulusi ndi chotsekera, kenako n'kuwonjezerapo kangachepe kamene ndinkaona kuti munthu sangadandaule nako. Manja anga sanalembedwe paliponse. Sabata yotsatira ndinaika foni pambali pa tebulo, n'kumayatsa wotchi yake ndikayamba ntchito, kuzimitsa ndikaimirira. Chibangili choluka ndi timikanda tating'ono ta saizi 11/0, chimene m'mutu mwanga ndinkati ndi ntchito ya ola limodzi, chinandidyera maola 3 ndi mphindi 20. Apo sindinawerenge nthawi yosankha mikanda yopindika n'kuitaya pambali, nthawi yomasula mzere umene ndalakwitsa, yojambula zithunzi, yoyankha mauthenga a anthu khumi pomwe wogula ndi mmodzi, yokulunga katundu, ndi yopita kukatumiza. Nditagawa "phindu" lija ndi maola enieni, ndinapeza kuti ola langa ndinkaligulitsa motchipa kuposa mmene ndikanavomerera kugwirira ntchito munthu wina aliyense. Kwa zaka ziwiri ndinkagulitsa mikanda ndi ulusi, ntchito ya manja anga n'kumaipereka ngati mphatso.

Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene mabizinesi ambiri a zamanja amafera, ndipo amafa mwini wake akuganiza kuti zinthu zikuyenda. Katundu amatuluka, anthu amayamikira, ndalama imalowa tsiku ndi tsiku. Koma mpamba sukula. Pulayasi ikathyoka, ndalama yogulira ina imachokera m'thumba la pakhomo. Munthu amagwira ntchito mpaka pakati pa usiku, khosi ndi maso zikuwawa, kenako tsiku lina amangopezeka kuti mikanda ija waitsekera m'bokosi ndipo sakufunanso kuiona. Akafunsidwa amati bizinesi ya zamanja ilibe phindu. Phindu linalipo, koma ankaligawira makasitomala pa chinthu chilichonse chimene ankagulitsa.

Masiku ano mtengo ndimauwerenga chonchi. Choyamba zipangizo zonse, mpaka kamphete kakang'ono kolumikizira ndi kakhadi komangirirapo ndolo, kuphatikizapo zimene zimawonongeka, chifukwa m'paketi ya mikanda yotchipa si yonse imene imagwira ntchito. Chachiwiri maola anga, pa malipiro amene ndinadziikira ndekha nditadzifunsa kuti nditalemba munthu ntchito yolukayi ndingamulipire bwanji popanda kuchita manyazi. Chachitatu ndi zinthu zimene siziloza chibangili chimodzi koma zimadya ndalama mwezi ndi mwezi: intaneti, mayendedwe, malo pa chionetsero, zida zimene zimatha. Zitatuzi zikaphatikizidwa, ndiye kuti ndangobweza zimene ndawononga. Phindu limabwera pamwamba pa zimenezo, ndipo ndi limene limagula zipangizo zambiri ulendo wotsatira. Pali chinanso chimene ndinachidziwa mochedwa: mwini sitolo akafuna kupikula katundu wako, kawirikawiri amayembekezera kugula pafupifupi theka la mtengo umene iye akagulitsire. Ngati mtengo wako kwa kasitomala wamba uli pafupi kwambiri ndi zimene wawononga, tsiku limene wopikula adzabwere ndi oda yaikulu udzakakamizika kukana, kapena kuvomera n'kugwira ntchito milungu iwiri pachabe. Ine ndinavomerapo kamodzi, zibangili 40, ndipo nditamaliza ndinatsala ndi zala zotupa komanso ndalama yongokwana kugula mikanda ina.

Kuwerenga kunali kophweka. Chovuta chinali kutchula mtengo watsopanowo pakamwa, munthu ali pamaso panga. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine manyaziwo ndinali nawo ochuluka. Munthu akanyamula ndolo n'kufunsa kuti "Izi zili bwanji?", ndinkatchula mtengo kenako n'kufulumira kuwonjezera kuti "koma tikhoza kukambirana", iye asananene n'komwe kuti zadula. Ndinkadzitsitsa ndekha. Ndikuganiza kuti zimenezi zimachitika chifukwa wopanga zamanja akamagulitsa amamva ngati akudzitchulira mtengo iye mwini, moti munthu akabweza chinthu patebulo zimakhala ngati wakana iweyo. Wogulitsa sopo wa kufakitale samva choncho.

Kunenerera sindidana nako, ndi mbali ya malonda. Koma ndinaphunzira kuyankha mosiyana. Mayi wina atandiuza kuti, "Mwana wanga, timikanda tomweti mpaka mtengo umenewo?", ndinawapatsa chibangilicho m'manja n'kuwapempha kuti awerenge mizere yake. Ndinawauza kuti, "Amayi, mkanda uliwonse mukuuonawo singano yadutsamo kawiri. Chimenechi chanditengera maola atatu. Chotsekerachi sichidzakuyabwitsani, ndipo ulusi ukadzaduka mudzabwere nacho ndidzakukonzereni." Sanagule tsiku limenelo. Anabwera mwezi wotsatira n'kugula ziwiri. Ena sanabwerenso, ndipo ndinawataya ndithu. Ena mwa iwo anali anthu amene ankandigula kuyambira pachiyambi, ndipo zinandiwawa. Amene akufuna chotsika mtengo ndimamusonyeza chinthu chosavuta kupanga, cha mphindi 20, m'malo momutsitsira cha maola atatu.

Abale ndi anzanga ndiye anali mayeso ena. "Ndipatse kaye, ndidzakupatsa kumapeto kwa mwezi" ndi mawu amene anadya mpamba wanga woyamba pafupifupi wonse, ndipo onena mawuwo sanali anthu oipa. Ankangoona ngati chinthu chimene ndapanga ndekha pakhomo sichinandidyere kanthu. Pano ndikafuna kupatsa m'bale wanga mkanda, ndimamupatsa monga mphatso, ndi mtima umodzi, n'kulemba m'kabuku kuti yatuluka ngati mphatso. Ngongole ndiye ndinasiya. Chimodzimodzi ndi oda yapadera, imene munthu amasankha yekha mitundu kapena kufuna dzina lake lilukidwe: sindigwira singano asanapereke theka, chifukwa chibangili cholembedwa dzina la munthu amene wasintha maganizo palibenso wina angachigule.

Pali funso limene wopanga zamanja aliyense amakumana nalo: nanga bwanji zofanana ndi zimenezi zikupezeka zotchipa kwambiri pa intaneti? N'zoona, zikupezeka, ndipo pa mtengo makina sindingapikisane nawo ngakhale nditasiya kugona. Ngakhale Etsy, msika wa pa intaneti umene unayamba mu 2005 ku Brooklyn monga malo a anthu opanga zinthu ndi manja, mu 2013 unasintha malamulo n'kulola ogulitsa kugwiritsa ntchito makampani ena powapangira katundu, ndipo mu 2022 unakweza gawo limene umadula pa malonda alionse kuchoka pa 5 kufika pa 6.5 peresenti. Choncho ngakhale malo amene anamangidwira anthu ngati ife sangatiteteze ku mpikisano umenewu. Chimene ndili nacho ine, chimene fakitale ilibe, ndi chakuti ndimatha kuyeza dzanja la munthu. Zibangili zambiri za m'sitolo zimabwera pa muyeso umodzi, cha m'ma 18 sentimita, ndipo mayi wa dzanja lalikulu kapena mtsikana wa dzanja lowonda amangozisirira. Ine ndimamuuza kuti azungulize kaulusi padzanja n'kukayeza pa rula, ndimawonjezerapo sentimita imodzi ndi theka kuti chisamuthine, ndipo chimamukwana. Ndimatha kunena dzina la chitsulo chili pa ndolo iliyonse. Chinthu chikaduka pakatha chaka, amadziwa kumene angandipeze.

Mikanda nayonso ndinasiya kuigula mwachisawawa. Yagalasi yochokera ku Japan, monga ya Miyuki ndi Toho, imakhala yofanana kwambiri kukula kwake ndipo mabowo ake ndi aakulu bwino, moti ukamaluka mizere imakhala yowongoka ndipo singano imadutsa kangapo osaswa mkanda. Ya ku Czech Republic, ya m'dera la Jablonec kumene akhala akupanga mikanda yagalasi kwa zaka mazana, ndi yobulungira pang'ono ndipo imakoma pa zinthu zofuna kuoneka zofewa. Yotchipa yosadziwika kochokera imakutayitsa nthawi posankha, ndipo ina utoto wake umangokhala pamwamba, umasuluka ndi thukuta kapena mafuta odzola. Ndisanagwiritse ntchito mtundu watsopano, ndimatunga pang'ono n'kuvala ndekha sabata yathunthu, kusamba nawo, kuchapa nawo. Nthawi imene mkanda wabwino umandipulumutsira imaposa ndalama imene ndawonjezera pougula, koma zimenezi ndinaziona pokhapokha nditayamba kuwerenga maola.

Za zithunzi sindinena zambiri, poti aliyense amene wagulitsapo pa Facebook, Instagram kapena WhatsApp amadziwa. Jambulani pafupi ndi windo masana, pansalu yopanda maluwa, ndipo chithunzi chimodzi chikhale cha chinthucho chitavalidwa kuti munthu aone kukula kwake. Musakometse mitundu ndi zosefera za pafoni; wogula akatsegula phukusi n'kupeza kuti buluu uja si yemweyo, sadzabweranso.

Nthawi zina ndikatopa ndimakumbukira tizigoba ta nkhono za m'nyanja timene akatswiri anatipeza m'phanga la Blombos ku South Africa, toboola, tosonyeza kuti tinatungidwa pachingwe n'kuvalidwa zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Munthu wina, pa nthawi imeneyo, anakhala pansi n'kumaboola tizigoba kamodzikamodzi kuti wina avale. Zimandilimbitsa mtima ndikamva anthu akunena kuti ntchito yathuyi ndi masewera a munthu wosowa chochita. Kufuna kudzikongoletsa n'kwakale kuposa ulimi, kuposa ndalama, ndipo amene amakwaniritsa chilakolako chimenechi akugwira ntchito yeniyeni, yoyenera malipiro.

Mayi a khutu lotupa aja ndinawaimbira foni m'mawa mwake. Ndinawapepesa, ndinawabwezera ndalama zawo ngakhale ankakana, ndipo ndinawapempha kuti asavalenso ndolozo komanso kuti akaonane ndi achipatala ngati kutupako sikuphwa. Kenako ndinalembera munthu aliyense amene ndinkakumbukira kuti anagulapo ndolo kwa ine, kumuuza kuti timbedza take tili ndi nickel ndipo abweretse ndimusinthire kwaulere. Dzanja linkanjenjemera potumiza mauthengawo, chifukwa ndinkaona ngati ndikudziwonongera ndekha mbiri. Anabweretsa anthu 11. Atatu mwa iwo anandiuza kuti makutu ankawayabwa ndithu, koma ankaganiza kuti vuto ndi matupi awo, ndiye anangoziika m'kabati osanena kanthu.

Khutu la mayi aja litapola, patapita milungu ingapo, ndinachotsa timbedza takale pa ndolo zawo zomwe zija n'kuikapo ta titanium. Ndinawapempha kuti avale tsiku limodzi kaye, akaona kuti palibe chachitika awonjezere masiku. Sabata itatha ananditumizira chithunzi china cha khutu lomwe lija, ndolo ili lende, khungu lili bwinobwino. Anafunsa ngati ndingawapangirenso zina zobiriwira za mwana wawo wamkazi, amenenso zitsulo zimamuvuta. Ndinawauza mtengo watsopano wonse, osawonjezera kuti tikambirana. Anayankha kuti, "Chabwino achemwali, muyambe, theka ndikutumizirani madzulo ano."